Kavalo wa amalume

Lachitatu, mwezi wa Juni, 2007. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Nditaweruka kuntchito ndinayenda wapansi mpaka ku Chipadze kukaona amalume. Fumbi la mumgodi linawawononga chifuwa moti sathanso kukhala tsonga, ndiye tchesi timangosewera pakamwa, popanda bolodi. Iwo anazolowera kalekale, ankasewera choncho ndi anzawo pansi pa mgodi. Ine ndakhala ndikuyeserera nditakwera kombi, pamzere wa buledi, ngakhale m'tchalitchi abusa akulalikira, kuti tsiku lina ndidzawagonjetse. Masiku ano ndikatsinzina, bolodi lonse ndimaliona.

Masewera ali mkati, amalume anati, "Kavalo wanga apite pa f5, muzukuru." Umo ndi mmene amanditchulira, poti ndine mwana wa mlongo wawo.

Kavalo ameneyo ndinali nditamudya kale. Awa ndi munthu amene sanaiwalepo kanthu pa tchesi, amene ndikasokoneza ankandikalipira kuti, "Mutu wakowo umasungiramo chiyani?" Ndinadikira kuti aseke, anene kuti amangondiyesa. Sanaseke. Ankangoyang'ana kudenga, akupuma movutikira, kudikira yankho langa.

Ndinasewera ngati kavaloyo alipo. Posakhalitsa anandidyera mfumukazi ndi kavalo wakufa yemweyo, n'kumwetulira. "Ukadali mwana iwe," anatero. Kenako chifuwa chinawagwira, ndipo tinalekera pomwepo.

Sindinawauze amayi, poti amalume ndi mlongo wawo yekhayo amene watsala. Mawa tikapitiriza, ndipo ndiyenera kusunga mabolodi awiri m'mutu, lenileni komanso la amalume. Ndayesa kutsinzina kuti ndione lenilenilo, koma likubwera ndi lawo lija, kavalo ali chilili pa f5...