Foni ya achimwene ili m'chikwama mwanga

Loweruka. Kwatentha tsiku lonse, koma mtima wanga wapepuka.

Nditaweruka kuloji masana, ndinatengana ndi achimwene kukaonera filimu kuvidiyo ya pamsika, gawo lachiwiri, yomasulira m'Chichewa. Sindinkadziwa kuti ndi ya munthu wotuluka kundende, wolimbana ndi bwana wa zigawenga amene anamumangitsa. Nditazindikira, ndinawayang'ana achimwene. Iwo atuluka kundende miyezi itatu yapitayi, ndipo za kumeneko anali asanatchulepo.

Ataonetsa mkaidiyo atagona pabedi yekhayekha, achimwene anaseka mokweza. "Iwe, ameneyu sanamangidwepo. Ife tinkagona chokhala, mawondo a mnzako ali kumsana kwako." Zaka zinayi zonse anakhala kundendeko, ine ndamva lero.

Kenako foni yawo inalira. Dzina ndinaliona: bwana uja wogulitsa mainjini a maboti obedwa, yemwe anawasiya amangidwe okha. Galu wopanda manyazi! Mufilimumo mfuti zinali zikulira. Achimwene anayang'ana foniyo, n'kuithimitsa, n'kundipatsira.

"Sunga iwe. Ine Lolemba ndikukawokera mpunga ku Chinguluwe."

Ambuye, zikomo. Foniyo ndaikulunga m'chitenje, ili pansi penipeni pa chikwama. Koma mawa akaipempha, kaya ine...