Khutu la Ababa ndi Beringi ya Kumanja

Lolemba, 4 Marichi
Galimoto yayamba kulira ngati njuchi m'botolo. Ine ndikuyendetsa, ababa atsinzina, apendeketsa mutu: "Beringi ya tayala. Kutsogolo, kumanzere." Zaka makumi atatu ali makaniko, anzawo ankangowatcha Akhutu. Pano manja amanjenjemera, ndiye sipanala ndi yanga, iwo kwawo n'kulamula ali pampando.

Lachiwiri, 5 Marichi
Ndagula beringi imodzi, ndayiika mufiriji kuti izizire, ikalowe mosavuta. Amayi ayipeza pambali pa nyama. Akuti atsikana a anzawo amabweretsa nkhuku, wawo zitsulo.

Lachitatu, 6 Marichi
Ndakweza galimoto pajeke ababa akusamba. Dzanja pa sipuling'i, kuzunguza tayala la kumanzere: zii. La kumanja: kunjenjemera mpaka m'chigongono. Ndabwereza katatu. Yatha ndi ya kumanja.

Ndiwauza bwanji? Manja anapita, chawatsalira ndi khutu lomwelo. Wailesi masiku ano amaikweza mpaka aneba kumvera nawo nkhani, koma m'nyumba muno tonse tinameza mawu. Ndikuwamvera chisoni, ndipo ndikuopa.

Lachinayi, 7 Marichi
Nzeru za amayi: ndisinthe mwakachetechete iwo akapita kokameta. Ngati sawadziwa amuna awo. Nati ya tayala ikangokhudzidwa ndi sipanala amaiona ali pageti. Sindinagwire kanthu lero.

Lachisanu, 8 Marichi
Ndalimba mtima. Ndakokera mpando wawo kumanja, ndatenga dzanja lawo n'kuliika pa sipuling'i, ndazunguza tayala. Pakamwa ndatseka. Iwo apendeketsa mutu, dzanja lili pomwepo.

"Zunguzanso."

Ndazunguza.

"Anakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Inuyo, ndili ndi zaka khumi."

"Nanga ukudikira chiyani? Masula."

Beringi yakale yachita makani ola lathunthu, yatuluka yodyekadyeka. Yatsopano yangolowa myaa. Girisi mpaka m'tsitsi. Amayi atibweretsera tiyi panja osafunsa kanthu, koma shuga wa ababa anali masupuni atatu m'malo mwa imodzi.

Loweruka, 9 Marichi
Kukayesa pamsewu. Ababa pambali panga, maso otsinzina, mutu wopendeketsa monga kale. Galimoto ili phee. Tadutsa sitolo ya matayala, tadutsa sukulu. Pamphambano atsegula maso n'kunditembenukira.

"Yasiya kulira?"

Chibadwire changa sanandifunsepo za galimoto.

"Yasiya, ababa."

"Chabwino. Ndiye pondako, mwana iwe. Ukuyenda ngati wanyamula mazira."