Atsibweni Anasuta Mapeto a Buku

Alamu anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halaleko. Kuno ku Nsaru tonse tadzuka, kupatula chifuwa cha atsibweni, chimene mumve posachedwa gwero lake.

Mabuku atatu munatumiza aja anafika. La chiwembu lija linandichititsa kukayikira aliyense, ngakhale abusa. La nyenyezi ndikamaliwerenga masana pansi pa mango ndimayandama mpaka kumwezi, n'kudzidzimuka mbuzi ikundinunkhiza.

Koma latigwira mtima ndi lachitatu, la mnyamata amene mphepo inamutengera kudziko la m'mitambo, bwenzi lake n'kutsala likudikira pachitsime. Ndimalimasulira m'chigafa tikamasankha fodya. Mlongo wanga, akazi anuwo, amaiwala manja pafodya, maso ali kumsewu wochokera ku Lilongwe.

Dzulo titayandikira kumapeto, ndinapeza masamba omaliza palibe. Atsibweni akhala akung'ambako n'kumapichirira fodya wawo!

"Pepala lachizungu limakoka bwino, aphunzitsi," anatero opanda manyazi. "Ndinayambira kumbuyo dala kuti ndisakusokonezeni."

Tonse tinaseka, koma mlongo wanga anafunsa motsitsa mawu, "Achimwene, kodi mnyamatayo anabwerera?"

Ndinayang'ana utsi wa atsibweni ukukwera pang'onopang'ono kudenga, mapeto onse ali momwemo, ndipo ndinati, "Anabwerera mvula yoyamba isanagwe."

Alamu, sindikupempha buku lina ayi. Mwakhalitsa kumitamboko. Bwerani mvula isanagwe, mungandisandutse wabodza pamaso pa mlongo wanga.

Mulungu akusungeni, akuwongolereninso njira yakuno.

Ndine mlamu wanu,
Yosefe