Piritsi Losadula Pakati

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino kutaliko. Ine kuno kusukulu ya zamankhwala ndili bwino, kungoti tulo n'tochepa.

Sabata yatha ndinapanga piritsi langa loyamba, ndi manja angawa! Si piritsi wamba ayi. Ndi lamakono, lokutidwa ndi kachikopa kopyapyala kuti mankhwala azituluka pang'onopang'ono tsiku lonse. Tinayesa mapiritsi athu m'makina otsanzira mimba ya munthu. A anzanga anasungunuka msanga, langa linapirira maola khumi ndi awiri. Aphunzitsi athu, omwe sayamika chisawawa, anati, "Apa ndiye mwagwira ntchito."

Ena akuti makina atilanda ntchito. Ine ndimangoseka, chifukwa makina saona zochitika m'nyumba.

Patchuthi paja ndinapeza abambo akudula mapiritsi awo pakati ndi mpeni, ati kuti asathe msanga. Ndi amtundu womwewu, Azakhali. Ukalidula, mphamvu yonse imatuluka kamodzi. Inu ndinu mlongo wawo, amakumverani. Chonde aimbireni asiye.

Abambo anandiuza kuti ndi a mutu chabe, ine n'kungovomera. Koma dzina la pabokosi la mapiritsiwo tinaliphunzira chaka chatha, ndipo ndi la mankhwala a matenda aakulu.

Kodi inu munkadziwa?

Ndine mwana wanu,
amene mumamuti Adokotala