Chotupa cha Alamu Anu

Kaporo, Karonga
2 Epulo 1986

Okondedwa achemwali a Margaret,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ntcheuko. Kuno madzi osefukira sanafike pakhomo, ndipo ana akulambula msewu pa Sabata ya Achinyamata.

Alamu anu a Ambokile ndiwo sakupeza bwino. Chotupa cha pakhosi chija chakula. Apongozi amabweretsa chambiko, mkaka wowawasa uja, akuti thupi likalimba lidzachigonjetsa lokha. Ine ndimawonjezera mapapaya ndi bonongwe.

Nditafunsa adokotala za zakudyazi, anati thupi lili ndi njira yake yochotsera poizoni wopangika m'kati mwake. Koma chotupa chotere chimagwiritsanso ntchito njira yomweyo, n'kumadziteteza kuposa mnofu wabwino. Dzina la matendawo ananditchulira, koma apongozi sindinawauze.

Tsopano pophika ndimadzifunsa kuti kodi ndikudyetsa ndani, mwamuna wanga kapena chinthucho? Adokotala akuti ndisasiye kuwadyetsa bwino.

Dzulo alamu anuwo anaitana mng'ono wawo Kenan n'kumusonyeza malire a munda wathu wa mpunga. Chikwatirane sanachitepo zimenezi.

Ndikudziwa chimanga chanu sichinaume, achemwali, koma musadikire kukolola. Bwerani.

Ine mng'ono wanu,
Chrissie