Impso za pa Kanema

Okondedwa alamu a Yamikani,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno kuboda tilipo, mtedza wa ku Chiosya tinakumba, ndipo tiyirumu yathu ikuyenda.

Wailesi yakanema munatitumizira ija yatikokera anthu. Madalaivala a mathiraki odikira mapepala akhala akudzaza mabenchi masana onse, kuonera sewero la mayi wina wolemera amene impso zake zinasiya kugwira ntchito. Alamu, mukanaseka. Mayiyo amagona pa makina otsuka magazi atavala ndolo, milomo ili psuu. Malonda a sopo akangodutsa, wadzuka kale, akuthamangitsa mwamuna wake pamasitepe.

Akulu anu, a Enoki, ndiwo amaseka kuposa onse. Tsiku lina anauza madalaivala kuti, "Makina amenewo andibwereke. Anga a ku Lilongwe aja amandisunga maola anayi, kawiri pa sabata, ndipo ndikatsikapo, minibasi ndimachita kukwezedwa." Mayi uja atagugudiza botolo lonse la juwisi, iwo anakweza kakapu kawo ka madzi ochita kuyeza aja n'kuti, "Timwere limodzi, mayi." Dalaivala wina wa ku Chipata mpaka anatsamwa ndi tiyi.

Mapazi a akulu anuwo akumatupabe, koma akuti ndisakuuzeni.

Sewerolo latha Lachisanu. Mng'ono wake wa mayiyo anabwera kuchokera kutali n'kumupatsa impso imodzi. Pamenepo pokha akulu anu sanaseke. Anangotuluka, ati akukaona nkhuku.

Ana akupereka moni. Paja alamu, magazi anu ndi a gulu lanji? Ndangofunsa.

Ndine mlamu wanu,
Malita