Makasu ku Ofesi ya Inshulansi

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Bangwe tilipo ndithu. Pepani zilembo zokhotakhotazi, dzanja lamanzereli mpaka lero silinagwirizane ndi cholembera. Mkazi wa achimwene wabereka mwana wamkazi ndipo tamutcha dzina lanu. Kulongolola kwake ndi inu nomwe. Denga la kukhitchini likudonthabe, koma chimanga chokha chaka chino tapata.

Chimangacho ndiye chinatsala pang'ono kundigonetsa panja. Mukukumbuka chipukuta misozi chimene a inshulansi anandipatsa makina a kufakitale ya nsalu atanditswanya dzanja lamanja? Ndalama zija munandikakamiza kuti ndimangire nyumba ino. Mvula ili pafupi kutha, kunabwera kalata yoti ndibweze zonse, apo ayi alanda nyumba. Kani anatuma munthu wawo kudzandizonda. Bamboyo anakwera kumunda kwathu m'munsi mwa phiri la Mpingwe, anaona mizere yowongoka ndi chimanga chopaliridwa bwino, najambula zithunzi. Atamva kwa anthu odutsa kuti munda ngwa Esinati, basi anakalemba kuti ndine wabodza, dzanja langa ndi labwinobwino.

Amayi, ndinachita mantha, osanama. Masiku awiri chakudya osalowa. Ndinapita ku ofesi kwawo m'tauni ndi kalata ya dokotala, koma kalaliki anangoikankhira pambali, amvekere, “Mayi, munda sudzilima wokha.” Zoona zake ndinali nazo pakamwa, koma manyazi anandigwira. Ine mwana wanu, amene ndinkalandira malipiro anga pakutha pa mwezi, ndinene pagulu kuti ndimalimiridwa?

Poti inu simukudziwa: chikuikireni m'manda, amayi anzanu a kutchalitchi akhala akupita kumunda kuja Lachinayi lililonse akatuluka m'mapemphero. Kugalauza, kubzala, kupalira, kubandira, zonse ndi iwo. Ine ntchito yanga kuwaphikira thobwa.

Nditawaululira a Nachisale, mnzanu wa pamtima uja, sanandimvere chisoni n'komwe. Anandikalipira. “Iwe, nyumba ipite chifukwa cha matama? Akufuna wolima, eti? Tikamuonetsa.”

Lolemba m'mawa tinakwera minibasi, ine ndi amayi khumi ndi mmodzi, onse atavala mabulauzi oyera, aliyense khasu lake. Kondakitala anadandaula njira yonse. Mlonda wa pa ofesi atationa anayesa ndi zionetsero za chipani, poti masiku ano aliyense akuguba, mpaka anathamangira kukatseka geti. A Nachisale anayambitsa nyimbo pomwepo, ndipo tisanafike ndime yachitatu bwana wamkulu anatiitanitsa.

Titalowa, amayi aja anandandalika makasu pakapeti, dothi la Mpingwe likuyoyoka. A Nachisale anapempha zithunzi zija n'kuyamba kuloza ndi chala. “Kuyambira pamwala apa mpaka pamtengo wa mango ndi ine. Mizere yokhota iyi ndi ya a NyaGondwe awa, kwawo ku Rumphi anangophunzira sukulu.” A NyaGondwe anatsutsa, enawo n'kulowerera, mkangano wa mizere unabuka mu ofesi ya eni ake. Kenaka onse anatambasula zikhatho kuti bwana aone matuza. Pomaliza anandipatsa khasu kuti ndiligwire ndi dzanja lamanja. Ndinayesetsa ndi mtima wonse, koma linapulumuka n'kugwera pafupi ndi nsapato ya wojambula zithunzi uja, amene naye anali momwemo. Mmene anadumphira, Amayi, mukanaseka mpaka kutsokomola.

Bwana sanalankhule zambiri. Anaitana wotayipa, ndipo tinatuluka ndi kalata ya chidindo yonena kuti nkhani yatha, palibe chobweza. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Nyumba ndi yathu, Amayi! Palibe amene adzaigwire.

Pobwerera ndinafuna kuwathokoza, koma a Nachisale anandidula. Akuti pa amayi onsewo palibe amene inu simunamugonere pamaliro kapena kumudikirira wodwala kuchipatala. Ndinalira m'minibasi momwemo, chifukwa ndinakumbuka mmene ndinkakunyogodolerani kuti mumathera nsapato pa mavuto a eni. Inu munkangoti, “Kupatsa n'kuika, mwanawe.” Ndinkayesa ndi zonena za anthu okalamba.

Ndikulonjeza kuti mvula ikagwa ndidzapita nawo kumunda kwa a NyaGondwe, poti amuna awo agona pamphasa. Khasu sindingathe, koma kuponya mbewu m'phando dzanja limodzi limakwana.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esinati